Mowa, chakudya ndi pogona: mmene ma pub a kumidzi ku Britain amayendera

Munthu woyenda m'misewu ing'onoing'ono ya kumidzi ya ku England, Wales kapena Scotland amazindikira msanga kuti pakati pa mudzi uliwonse wakale pamakhala nyumba ziwiri zimene zidaona zaka zambiri kuposa zinzake, ndipo nyumbazi ndi tchalitchi ndi pub. Pub ndi nyumba yogulitsiramo mowa imene aliyense angathe kulowamo, koma ma pub ambiri a kumidzi masiku ano alinso ndi khitchini yophika chakudya chenicheni, ndipo ena mwa iwo ali ndi zipinda zogona alendo, mwina zisanu, mwina khumi, pamwamba pa malo omwerawo kapena m'makola akale a akavalo amene adakonzedwa kukhala zipinda. Kwathu kuno bala yokhala ndi zipinda kuseri ilibe mbiri yabwino, ndipo munthu wodzilemekeza sangapiteko ndi banja lake. Ku Britain zinthu ndi zosiyana kwambiri, chifukwa Lamulungu masana mumapeza agogo, makolo, ana ndi galu wa pabanjapo atazungulira tebulo limodzi, pomwe mlimi wa m'mudzimo waima pa kauntala ndi tambula yake ya mowa.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene chakudya ndi pogona zafikira potenga malo aakulu m'nyumba zimene zinkadziwika ndi mowa, ayenera kudziwa kuti mowa pawokha sungathenso kuyendetsa pub ya kumudzi. Khitchini ndi zipinda ndizo zikulipira lendi, magetsi ndi antchito. Kusinthaku kwapulumutsa nyumba zambiri zimene zikadatsekedwa kalekale, koma kwabweretsanso kusamvana pakati pa eni mudzi amene akufuna malo ochezera ndi alendo a m'mizinda amene akufuna tebulo loyalidwa bwino.

Zaka mazana angapo zapitazo ku England kunali mitundu itatu ya malo omwera, ndipo uliwonse unali ndi anthu ake. Mtundu woyamba unali alehouse, imene inali nyumba ya munthu wamba, kawirikawiri mayi, wofulula mowa pakhomo pake n'kumagulitsa kwa oyandikana nawo. Wachiwiri unali tavern, yopezeka m'matauni, yogulitsa vinyo kwa anthu opeza bwino. Wachitatu unali inn, nyumba ya apaulendo yopereka chakudya, bedi ndi khola la akavalo. Mu 1393 mfumu Richard II idalamula kuti ogulitsa mowa azipachika chizindikiro panja pa nyumba zawo kuti oyendera ubwino wa mowa aziwapeza mosavuta, ndipo popeza anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, zizindikirozo zinkakhala zithunzi. Ndimo mudachokera mayina amene akadali pa zikwangwani mpaka lero, monga White Hart, chithunzi cha gwape woyera amene anali chizindikiro cha Richard II mwiniwakeyo, ndi Red Lion. Dzina loti Royal Oak lidabwera pambuyo pake, pokumbukira mtengo umene Charles II adabisalamo ku Boscobel atagonja pa nkhondo ya ku Worcester mu 1651. Kuyambira mu 1552 wogulitsa mowa ankafunika chiphaso chochokera kwa oweruza a m'dera lake, ndipo kalembera wa mu 1577 adapeza ma alehouse 14,202, ma inn 1,631 ndi ma tavern 329 ku England ndi Wales. Pub ya kumudzi yokhala ndi zipinda ndi mwana wa alehouse ndi inn, ndipo mavuto ake ambiri a lero akuchokera poti ikuyesa kugwira ntchito za makolo ake onse awiri pansi pa denga limodzi.

Nthawi imene ma inn adatchuka kwambiri inali ya ngolo zokokedwa ndi akavalo, m'zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Akavalo okoka ngolo ya anthu ankatopa akayenda mamailosi pafupifupi 10, choncho m'misewu ikuluikulu munkafunika malo osinthira akavalo pafupipafupi, ndipo pamalo oterowo apaulendo ankadya mothamanga kapena kugona. Ngolo zonyamula makalata zitayamba kuyenda pakati pa Bristol ndi London mu 1784, malondawa adakula kwambiri. Nyumba ngati The George ya ku Stamford, pa msewu wakale wa Great North Road wochokera ku London kulowera kumpoto, zikuonetsabe moyo wa nthawi imeneyo, ndipo munthu akaona pub yokhala ndi chipata chachitali cholowera m'bwalo lamkati adziwe kuti pamenepo ndi pamene ngolo zinkalowera. M'mapiri a ku Wales ndi Scotland munalinso nyumba zina zogonamo abusa amene ankayendetsa ng'ombe wapansi kwa milungu ingapo kupita nazo ku misika ya ku England. Sitima za pamtunda zitafalikira m'zaka za m'ma 1830 ndi 1840, ngolo zidatha ntchito m'zaka zochepa chabe, ndipo ma inn ambiri a m'misewu adatsala ndi zipinda zopanda ogonamo ndi makola opanda akavalo. Pa nthawi yomweyo lamulo la Beerhouse Act la 1830 lidalola mwininyumba aliyense wokhoma msonkho kufulula ndi kugulitsa mowa akalipira mapaundi awiri ndi masheleni awiri pachaka, ndipo malo omwera atsopano adatsegulidwa masauzande ambirimbiri.

Kuchokera apo, kwa zaka zoposa zana, pub ya kumudzi inali malo a mowa ndi amuna ogwira ntchito m'minda. Chakudya chinali chongoperekezera: mtedza, tchipisi ta m'mapaketi, dzira lowiritsa losungidwa mu viniga, kapena buledi ndi tchizi. Ngakhale mbale yotchuka ya ploughman's lunch, ya buledi, tchizi ndi anyezi wa mu viniga, imene alendo ambiri amaiona ngati mwambo wamakedzana, idatchuka ndi dzinali chifukwa cha mabungwe otsatsa tchizi ndi mkaka m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, amene ankafuna chakudya choti pub yopanda khitchini ingathe kugulitsa. Maola otsegulira nawo anali ochepa, chifukwa malamulo amene adayamba pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankatseketsa ma pub masana, ndipo ku England ndi Wales kutseka kwa masanaku kudachotsedwa mu 1988 kwa masiku a mkati mwa sabata.

Zinthu zingapo zidachotsa makasitomala akale pang'onopang'ono. Makina a ulimi adachepetsa antchito a m'minda, achinyamata adasamukira m'matauni, ndipo nyumba zambiri za m'midzi yokongola zidagulidwa ndi anthu ogwira ntchito kutali kapena obwera pa tchuthi pokha. Koma chimene chidasintha malondawa kwambiri ndi lamulo la pamsewu la Road Safety Act la 1967, limene nduna yoona za mayendedwe Barbara Castle idabweretsa. Lamuloli lidaika malire a mowa wopezeka m'thupi la woyendetsa galimoto pa mamiligalamu 80 m'mamililita 100 a magazi, ndipo lidapatsa apolisi mphamvu youzitsa madalaivala m'kachipangizo koyezera mowa. Ku Scotland malirewa adatsitsidwa kufika pa mamiligalamu 50 mu Disembala 2014. Pub ya m'tauni idali ndi pothawira, popeza anthu ake amabwera wapansi kapena pa basi, koma kumudzi basi yomaliza imadutsa dzuwa lisanalowe, mwinanso kulibe basi n'komwe, ndipo matakisi ndi osowa. Munthu amene wayendetsa galimoto mamailosi 15 kudzafika pa pub sangamwe zambiri, choncho mwini pub ali ndi njira ziwiri zokha zopezera ndalama kwa munthu ameneyu: amugulitse chakudya, kapena amupatse bedi kuti galimotoyo igone pabwalo. Mwa njira imeneyi galimoto ndi lamulo lake zidabwezera zipinda ntchito imene sitima idazilanda.

Palinso nkhani ya umwini, imene mlendo saiona koma imakhudza zimene zili pa mbale yake. Ma pub ambiri ankakhala a makampani ofulula mowa, ndipo woyendetsa pub ankangochita lendi n'kumakakamizidwa kugulitsa mowa wa kampaniyo wokha. Mu 1989 boma lidakhazikitsa malamulo otchedwa Beer Orders, olamula makampani okhala ndi ma pub oposa 2,000 kumasula theka la ma pub opitirira chiwerengerocho. Cholinga chinali kukulitsa mpikisano, koma zotsatira zake zinali zakuti ma pub masauzande adagulidwa ndi makampani atsopano osafulula mowa, monga Punch Taverns ndi Enterprise Inns, amene adapitiriza kumanga ochita lendi kuti azigula mowa kudzera kwa iwo pa mtengo wokwera kuposa wa pamsika. Woyendetsa pub womangidwa chotere amapeza phindu lochepa pa mowa, pomwe nyama, ndiwo zamasamba ndi nsomba amagula kumene akufuna, ndiye n'zosadabwitsa kuti maso ake amatembenukira kukhitchini. Madandaulo a ochita lendi adachititsa kuti mu 2016 pakhazikitsidwe malamulo a Pubs Code okhudza makampani okhala ndi ma pub omangidwa 500 kapena kuposerapo ku England ndi Wales. Mawu oti free house pa chikwangwani amasonyeza kuti pub imeneyo ili ndi ufulu wogula mowa kulikonse. Kuwonjezera pa zonsezi, mowa wa m'masitolo akuluakulu ndi wotsika mtengo kwambiri, ndipo kusuta m'kati mwa malo a anthu onse kudaletsedwa ku Scotland mu 2006 ndi ku Wales, Northern Ireland ndi England mu 2007. Chiletsochi chidathamangitsa omwa ena akale, koma chidakopa mabanja amene sankafuna kudya mu utsi. Malinga ndi bungwe la British Beer and Pub Association, dziko la United Kingdom linali ndi ma pub oposa 60,000 mu 2000, ndipo m'zaka zaposachedwa atsala pafupifupi 45,000.

Chakudya cha m'ma pub sichidayambe bwino. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ma pub ambiri ankagula zakudya zouma ndi chisanu kuchokera kumafakitale n'kumangotenthetsa, ndipo nkhuku yokazinga yoperekedwa m'kadengu ndiyo inali chakudya chapamwamba. Kusintha kudayambira m'tauni. Mu 1991 David Eyre ndi Mike Belben adatenga pub yotchedwa The Eagle pa Farringdon Road ku London, n'kuyamba kuphika chakudya cha mulingo wa lesitilanti pamaso pa anthu, mndandanda wake utalembedwa ndi choko pa bolodi, popanda nsalu za patebulo kapena mwambo uliwonse. Malo otere adayamba kutchedwa gastropub, ndipo ophika achinyamata amene analibe ndalama zotsegulira lesitilanti m'mizinda adaona kuti pub ya kumudzi imene ikufa ingapezeke motchipa, ili kale ndi chiphaso cha mowa, malo oimika magalimoto ndi zipinda pamwamba.

Mu 2001 The Stagg Inn ya ku Titley, m'chigawo cha Herefordshire, idakhala pub yoyamba kulandira nyenyezi ya buku la Michelin, ulemu umene kale unkapita kwa malesitilanti apamwamba okha. The Star Inn ya ku Harome ku North Yorkshire, nyumba yofolera ndi udzu ya wophika Andrew Pern, idalandira yake mu 2002. Tom Kerridge adatsegula The Hand and Flowers ku Marlow mu 2005, ndipo m'buku la Michelin la 2012 idakhala pub yoyamba kupatsidwa nyenyezi ziwiri. Ku Seasalter m'mbali mwa nyanja ku Kent, Stephen Harris wa The Sportsman adatchuka popanga mchere wake kuchokera m'madzi a m'nyanja ndi kupanga yekha batala. Malo amenewa ndi ochepa ndipo sakuimira ma pub onse, koma adasintha zimene anthu amayembekezera, moti lero ngakhale pub wamba ya kumudzi imalemba dzina la famu imene nyama yake yachokera.

Mlendo wofika pa pub yotere Loweruka madzulo nyengo yozizira amalowa pa khomo lalifupi, ndipo ngati ndi wamtali ayenera kuwerama, chifukwa mitanda yakuda ya denga idaikidwa ndi anthu a zaka mazana atatu kapena anayi zapitazo. Pansi pamakhala miyala yosalala ndi mapazi a anthu, pakona pamayaka moto wa nkhuni, ndipo pafupi ndi khomo pamakhala nsapato zamatope za oyenda m'mapiri pamodzi ndi mbale ya madzi ya agalu. Nthawi zambiri nyumbayi imagawidwa pawiri: mbali ya kauntala, kumene munthu amakhala paliponse pamene papezeka, ndi chipinda chodyera, kumene matebulo amasungitsidwa pasadakhale. Kusiyana kumeneku kumasokoneza alendo ambiri. Ku mbali ya kauntala palibe amene adzabwere kudzafunsa chimene munthu akufuna, ndipo wokhala pansi n'kumadikira akhoza kudikira usiku wonse. Amayenera kupita yekha pa kauntala, kuitanitsa chakumwa ndi chakudya, kunena nambala ya tebulo lake ndi kulipira pomwepo. Pa kauntala sipaoneka mzere, koma wogulitsa amadziwa amene wafika poyamba, ndipo kukweza ndalama m'mwamba kapena kuitana mokuwa kumatengedwa ngati mwano. Anthu akabwera pagulu, mmodzi amagulira onse, kenako mnzake amatero ulendo wotsatira, ndipo amene amachoka nthawi yake yogula isanafike amakumbukiridwa. M'chipinda chodyera zinthu zimayenda ngati mu lesitilanti, woperekera zakudya amabwera patebulo ndipo bilu imalipiridwa pomaliza.

Chinthu china chimene mlendo ayenera kusamala ndi nthawi. Pub ikhoza kukhala yotsegula tsiku lonse, koma khitchini imagwira ntchito maola ake, kawirikawiri kuyambira 12 koloko masana mpaka cha m'ma 2 koloko kapena 3 koloko, n'kudzayambanso cha m'ma 6 koloko madzulo mpaka cha m'ma 9 koloko usiku. Ma pub ambiri saphika Lamulungu usiku kapena Lolemba kuti ophika apume. Wofika mochedwa m'mudzi wopanda sitolo amagona ndi mtedza wa m'paketi, ngakhale atalipira chipinda.

Chakudya chachikulu cha sabata ndi Sunday roast, nyama yowotcha mu uvuni yodyedwa Lamulungu masana. Ikakhala ya ng'ombe imadulidwa mopyapyala, nthawi zambiri ili yofiirirako m'kati, ndipo imabwera ndi mbatatesi yowotcha m'mafuta, kaloti, kabichi kapena ndiwo zina zamasamba, msuzi wokhuthala wochokera m'madzi a nyamayo, ndi Yorkshire pudding, chofufumitsa cha ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka chimene chimatukuka mu uvuni n'kusiya dzenje pakati pothirapo msuzi. Nyama iliyonse ili ndi chokometsera chake: ya ng'ombe imayenda ndi horseradish, muzu woyabwa m'mphuno, ya nkhosa imayenda ndi timbewu tonunkhira ta mint, ndipo ya nkhumba imayenda ndi maapozi ophika. Ma pub ambiri a kumidzi amapeza gawo lalikulu la ndalama za sabata pa maola ochepa a Lamulungu masanawa, n'chifukwa chake tebulo limodzi limatha kusungitsidwa kawiri kapena katatu, ndipo banja limauzidwa nthawi imene liyenera kupereka malo kwa ena. Masiku ena pamakhala nsomba yokazinga ndi tchipisi, nyama ya ng'ombe yophikidwa mu mowa n'kukutidwa ndi chikhungwa cha ufa, kapena soseji ndi mbatatesi yosinja. Nyengo ya kusaka ikafika mndandanda umasintha, popeza malamulo amalola kusaka mbalame ya grouse kuyambira pa 12 Ogasiti, nkhwali za partridge kuyambira pa 1 Seputembala ndi pheasant kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 1 Febuluwale. Pub imene imagula mbalamezi ndi nyama ya agwape kwa osaka a m'deralo ndiyo ingatchedwe moona kuti ikuphika za kumudzi, ndipo mndandanda waufupi wosintha ndi nyengo ndi chizindikiro chabwino kuposa mndandanda wa mbale makumi anayi, zimene khitchini yaing'ono singaphike zonse tsiku lomwelo.

Mowa weniweni wa m'ma pub awa ndi umene umatchedwa cask ale kapena real ale, ndipo ndi chakumwa chofuna chisamaliro. Umafika m'migolo uli ndi yisiti yamoyo, n'kupitiriza kupsa m'chipinda cha pansi pa nthaka chimene chimasungidwa pa madigiri 11 mpaka 13. Suwonjezeredwa mpweya, ndipo umakokedwa kupita pa kauntala ndi pampu ya dzanja, n'chifukwa chake mlendo wozolowera mowa wa mufiriji amauona ngati wofunda ndi wopanda mphamvu. Umagulitsidwa mu paini, imene ndi mamililita 568, kapena theka lake. Bungwe la Campaign for Real Ale lidakhazikitsidwa mu 1971 pofuna kuteteza mowawu pa nthawi imene makampani akuluakulu ankafuna kuusiya. Vuto lake ndi lakuti mgolo wamba wa mapaini 72 ukatsegulidwa uyenera kutha m'masiku atatu kapena anayi, apo ayi umayamba kusasa. Pub imene yadzaza ndi odya akumwa vinyo, n'kutaya omwa a tsiku ndi tsiku a m'mudzimo, imalephera kumaliza mgolo pa nthawi yake, ndipo mowa wake umaipa ngakhale khitchini yake ikuyamikiridwa. Apa ndi pamene pamaonekera kuti mlimi woima pa kauntala uja ali ndi ntchito m'nyumbayi imene mlendo wa m'tauni sangaigwire.

Pali malamulo ena ochepa okhudza wodya. Ogulitsa chakudya amayenera kuuza kasitomala ngati mbale ili ndi china mwa zinthu 14 zodziwika kuti zimadwalitsa anthu ena, monga mtedza, mkaka, mazira ndi nsomba. Ku England, Wales ndi Northern Ireland oyendera ukhondo amapereka mulingo woyambira pa 0 mpaka 5, umene ku Wales ndi Northern Ireland ndi lamulo kuuika poonekera, pomwe ku England ndi kufuna kwa mwini malo. Mwana wa zaka 16 kapena 17 amaloledwa kumwa mowa, vinyo kapena cider, chakumwa choledzeretsa chopangidwa ndi maapozi, pa chakudya cha patebulo ngati ali ndi munthu wamkulu amene wamugulira. Pa bilu ya m'chipinda chodyera pamatha kuwonjezeredwa ndalama yothokozera antchito ya 10 kapena 12.5 peresenti, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2024 lamulo likukakamiza olemba ntchito ku England, Scotland ndi Wales kupereka ndalama yonseyo kwa antchito.

Zipinda ndizo zimapangitsa kuti masamu a malondawa atheke. Chipinda chikakonzedwa kamodzi, ndalama zimene mwini pub amawononga pa mlendo wa usiku umodzi ndi zochapira zofunda, zoyeretsera ndi za kadzutsa, pomwe mbale ya chakudya imadya ndalama zambiri pa nyama, gasi ndi malipiro a ophika. Kupatula apo, wogona sakhala ndi kwina kodyera, ndiye amadya pomwepo, amaitanitsa botolo la vinyo mopanda mantha a apolisi a pamsewu, ndipo amabwera ngakhale Lachiwiri mu Febuluwale pamene eni mudzi ali m'nyumba zawo. N'chifukwa chake ma pub ambiri amagulitsa chakudya chamadzulo, bedi ndi kadzutsa pa mtengo umodzi. Kadzutsayo amakhala wolemera, wa mazira, nyama yankhumba yamchere, soseji, nyemba, bowa, tomato ndi buledi wotenthetsa, ndipo amaphikidwa ndi anthu omwewo amene adatseka khitchini usiku wapitawo, mfundo imene ikufotokoza chifukwa chimene ntchitoyi imasowera anthu. Kupeza wophika wofuna kukhala m'mudzi wa nyumba zodula ndi wopanda basi ndi kovuta, ndipo kudavutanso kwambiri ufulu wa nzika za mayiko a European Union wodzagwira ntchito ku Britain utatha kumapeto kwa 2020. Eni ma pub ena amakakamizika kupereka zina mwa zipinda zawo kwa antchito m'malo mozigulitsa kwa alendo.

Ukalamba wa nyumba, umene umakopa alendo, ndiwonso umabweretsa zovuta. Ma pub ambiri akale ali pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi boma, ndipo mwini wake sangasinthe zenera kapena kugumula khoma popanda chilolezo. Masitepe amakhala opapatiza, pansi pamakhala popendekeka, chikepe kulibe, ndipo wogona pamwamba pa kauntala amamva macheza mpaka belu la omwa omaliza litalira. Madenga a udzu amawopsa pa moto, monga zidachitikira The Star Inn ya ku Harome, imene idapsa mu Novembala 2021 n'kudzatsegulidwanso chaka chotsatira. Mwezi womwewo Tan Hill Inn ya ku Yorkshire Dales, pub imene ili pamalo okwera kwambiri ku Britain pa mamita 528, idatsekerezedwa ndi chipale chofewa cha namondwe wotchedwa Arwen, ndipo anthu pafupifupi 60 adakhala mmenemo mausiku atatu, ena akugona pansi, chifukwa misewu yonse idali yotsekeka.

Mliri wa Covid-19 udaonetsa poyera mbali imene zinthu zapendekera. Ma pub adalamulidwa kutseka pa 20 Malichi 2020, ndipo mu Disembala chaka chomwecho, m'madera ambiri a ku England pub inkaloledwa kugulitsa mowa kwa munthu yekhayo amene akudya chakudya chokwanira. Pub yopanda khitchini idakhala yotseka, pomwe yophika idatsegula.

Funso limene latsala ndi lakuti kodi nyumba imene matebulo ake onse ali ndi mipeni, mafoloko ndi kapepala kosonyeza kuti asungitsidwa ikadali pub. Eni midzi ambiri amati ayi, ndipo pa mfundoyi ali ndi chifukwa chomveka. M'mudzi mmene sitolo, positi ofesi ndi sukulu zidatsekedwa, pub ndiyo malo okhawo kumene nkhalamba yokhala yokha ingalowe popanda kuitanidwa, n'kukhala maola awiri ndi tambula imodzi pakati pa anthu. Mwini pub wanzeru amasiya matebulo angapo osasungitsidwa, amasunga mipando ya pa kauntala, ndipo amaika pa mndandanda mbale ziwiri kapena zitatu zimene wantchito wa pafamu angakwanitse, ngakhale kuti malo omwewo akadamubweretsera ndalama zambiri akadawapereka kwa alendo. Amene amachotsa zonsezi amatsala ndi lesitilanti yokhala ndi chikwangwani cha pub, ndipo alendo akayamba kupita kumalo ena atsopano amapeza kuti eni mudzi adasiya kale kubwera.

Midzi ina yasankha kugula ma pub ake. Ku Hesket Newmarket ku Cumbria, anthu oposa zana adasonkha ndalama mu 2003 n'kugula The Old Crown, imene imadziwika ngati pub yoyamba ku Britain kukhala ya kopaletivi. Ku Inverie, m'dera la Knoydart ku Scotland, kumene munthu amafika pa boti kuchokera ku Mallaig kapena poyenda ulendo wautali wapansi m'mapiri, anthu a m'deralo adagula The Old Forge mu 2022. Bungwe la Pub is The Hub, limene lidayamba mu 2001 mothandizidwa ndi Prince Charles, amene tsopano ndi mfumu, limathandiza ma pub a kumidzi kutsegula sitolo, positi ofesi kapena laibulale yaing'ono m'nyumba zawo. Ku England lamulo la Localism Act la 2011 lidalola anthu kulembetsa pub ngati chuma chofunika kwa mudzi, ndipo lidapatsa gulu la m'mudzimo miyezi 6 yosonkhanitsa ndalama mwini wake akafuna kugulitsa, ngakhale kuti lamuloli silidakakamize mwiniyo kugulitsa kwa gululo. Kuyambira mu 2017, aliyense wofuna kugumula pub ku England kapena kuisandutsa sitolo ayenera kupempha kaye chilolezo ku khonsolo ya dera lake.